Mbaula ya mgolo ya mphika wa malita 60: kodi imafupikitsadi tsiku lophika masese?

Mbaula imene tikuiunika pano ndi ija amisiri owotcherera zitsulo amapanga ndi mgolo wa malita 200, pamwamba pake n'kumizamo mphika wa aluminiyamu wa malita 60. Ambiri amangoitcha roketi. Siigulidwa yopangiratu m'sitolo. Mumapita kwa mmisiri, kaya ku Ulongwe kaya ku Zobwe, kuno ku chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, mutanyamula mphika wanu, iye n'kumanga mbaulayo moyeza mphikawo. Funso la amayi ofulula mowa limakhala limodzi: ndikaipangitsa, kodi ndidzaweruka dzuwa lisanapendeke? Yankho lathu ndi inde, koma osati chifukwa cha mbaula yokhayo. Imadula nkhuni, imadulanso nthawi yodikira kuti madzi awire. Koma nthawi yochuluka pa tsiku lophika imatayika moto utazima kale, podikira kuti phala lizizire, ndipo pamenepo mbaulayi imachedwetsa ngati simusintha kachitidwe kanu.

Tiyambe ndi mapangidwe ake, chifukwa ubwino ndi zovuta zake zonse zimachokera pamenepo. Mgolo wa malita 200 umakhala wa masentimita pafupifupi 58 m'mimba ndi 88 msinkhu. Pansi pake mmisiri amaikamo chipinda cha moto chopindika ngati chigongono: khomo lolowetsera nkhuni m'mbali, kenako mpita woimirira wa masentimita 16 mpaka 18 m'lifupi ndi 45 mpaka 50 kutalika. Mozungulira chipindacho amathiramo phulusa louma, kapena kuikamo njerwa zopepuka zoumbidwa ndi dongo losakaniza utuchi, kuti kutentha kusathawire m'mbali. Mphika, umene nthawi zambiri umakhala wa masentimita 46 m'mimba, umamira m'mgolomo pafupifupi masentimita 30, ndipo umazunguliridwa ndi lata lina lamkati. Pakati pa mphika ndi latalo pamatsala mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka basi. Moto ukatuluka mu mpita uja umamenya pansi pa mphika, n'kukakamizika kukwera mu kampata kameneka ukukhula m'mbali mwa mphika, kenako umatsikira kuseri kwa lata n'kutulukira ku chumuni. Nzeru yomanga mbaula motere anaiyambitsa Larry Winiarski ku bungwe lofufuza za mbaula la Aprovecho, m'dziko la America, m'chaka cha 1982, ndipo yakhala ikugwiritsidwa ntchito pophikira anthu ambiri m'masukulu ndi malo ena.

Kusiyana kwake ndi mafuwa n'koonekeratu. Pa mafuwa, mwa magawo 100 a kutentha kwa nkhuni, amene amalowa mumphika ndi 10 mpaka 15. Enawo amapita ndi mphepo, makamaka mphepo ya mu Julaye kuno ku mapiri. Mbaula yomangidwa bwino imalowetsa magawo 30 mpaka 40. Mukawerengetsa, kuwiritsa malita 50 a madzi ozizira kumafuna makilogalamu 7 mpaka 9 a nkhuni zouma pa mafuwa, pamene pa mbaulayi 3 kapena 4 amakwana, ndipo madzi amagaduka pa mphindi 45 mpaka 50. Ku Angonia ndi ku Tsangano kumene nkhuni zasanduka zogula, apa pokha pali phindu. Imadyanso zitsononkho ndi timitengo ta nandolo bwinobwino. Chimene siifuna ndi zipika. Nkhuni ziwazidwe zikhale zonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu, zilowe zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, zitagona pa kashelefu kachitsulo kuti mpweya uzidutsa pansi. Mukadzaza khomo lonse ndi nkhuni moto umabanika, utsi umabwerera kumaso, mphika n'kuda mwaye. Choncho kuwaza nkhuni ndi ntchito ya dzulo lake, ndipo pafunika munthu wosonkhezera mphindi zisanu zilizonse. Mayi amene anazolowera kuika chipika pa mafuwa n'kupita kumjigo adzaona ngati mbaulayi ikumumanga miyendo. Sakunama.

Tsopano vuto lenileni, limene mmisiri sangakuuzeni chifukwa iye amayesa mbaula ndi madzi okha. Mowa si madzi. Phala la mgaiwa likayamba kulimba, siliyendayenda lokha mumphika ngati madzi, ndipo moto wa roketi umamenya malo amodzi, pakatikati penipeni pa mphika. Pamenepo phala limapserera msanga kwambiri kuposa pa mafuwa, ndipo fungo la kupserera likalowa mumowa silichoka, olo muukunthe kawiri. Pali zinthu zitatu zothetsera izi, ndipo zonse n'zofunika. Mphika ukhale wa pansi pochindikala, osachepera mamilimita 3. Miphika yopyapyala yotsika mtengo ija imafufuma pakati ikatenthedwa kangapo, ndipo ikafufumira pansi imatseka mpata wa moto. Mthiko ukhale wautali, mita imodzi ndi masentimita 20, wosemedwa mwaphwatalala kumapeto kuti uzipala pansi, osati kungozungulira pamwamba. Chachitatu ndi chimera, ndipo tichifotokoza pamalo pake m'munsimu.

Pofuna kuti muone pamene nthawi imapulumuka, nayi ndondomeko ya malita 50 a masese pa mbaulayi. Aliyense ali ndi dzanja lake pa mowa, ndipo ena amakonda wolimba ena wopepuka, koma muyezo wa makilogalamu 6 a mgaiwa ndi makilogalamu 3 a chimera chogayitsa, cha mawere kapena cha mapira, ndi poyambira pabwino. Chimera cha chimanga chimagwiranso ntchito koma mphamvu yake ndi yochepa, ndiye muwonjezereko.

Madzulo a dzulo lake wiritsani malita 50 a madzi. Tungani malita 20 muwaike m'mbiya yoyera kapena m'ndowa zachitsulo zovindikira, agone panja azizire. Tungani ena 8, muwasiye atsike mpaka madigiri 50, pamene chala chimapirira koma mukumva kuti akutentha, muthiremo kilogalamu imodzi ya ufa ndi theka la kilogalamu la chimera. Ichi ndi chosasitsa. Chiikeni m'ndowa ya pulasitiki kapena mumtsuko, muchikulunge ndi masaka, muchitsamize ku mbaula. Tizilombo timene timabweretsa kuwawasa kwabwino kwa masese timakonda kutentha kwa madigiri 48 mpaka 50, ndipo pa kutentha kumeneko tina toononga sitichulukana. N'chifukwa chake chosasitsa chofunditsidwa bwino chimapsa usiku umodzi, pamene chosiyidwa pamphepo chimatenga masiku awiri n'kutulukanso ndi kafungo kachilendo. Malita 22 otsalawo asiyeni mumphika momwemo, muvindikire, mutseke khomo la mbaula ndi njerwa. Apa mbaulayi imaonetsa ubwino umene mafuwa alibe: phulusa lija limasunga kutentha, ndipo m'mawa mumapeza madzi akadali ofunda. Mwayamba tsiku muli kale pakati pa njira.

M'mawa kolezani moto 5 koloko. Tungani madzi ofundawo pang'ono, musungunulire makilogalamu 5 a ufa m'beseni kuti pasakhale zibuluma, mubwezere mumphika. Nthawi yomweyo thiranimo magalamu 300 a chimera, manja odzaza anayi kapena asanu. Ichi ndi chachitatu chija. Ufa wa chimanga umayamba kufufuma ndi kulimba pakati pa madigiri 62 ndi 72, ndipo pa kutentha komweko chimera chimakhala ndi mphamvu yodula ufa wofufumawo kuti usungunuke. Phala limene likanalimba ngati la mwana limakhala lamadzimadzi, mthiko umayenda mosavuta, ndipo pansi sipagwira. Chepetsani moto kwa mphindi 10 kapena 15 pamene mwaona kuti phala layamba kugwirana, kuti chimera chipeze nthawi, chifukwa kutentha kukapitirira madigiri 80 mphamvu yake imafa. Chosasitsa chija musachithire poyamba. Kuwawasa kumafooketsa chimera, ndiye dikirani phala lisungunuke kaye, kenako muthire, muwonjezere moto.

Likagaduka, chotsani nkhuni zonse kupatula ziwiri. Mbaula ikatentha imafuna moto wochepa zedi kuti phala lizingobwata, ndipo ambiri amapsereza mowa pano chifukwa amapitiriza kusonkhezera monga amachitira pa mafuwa. Liphikeni ola limodzi mpaka ola ndi theka, mukuvundula pafupipafupi, ndipo madzi amene auluka ndi nthunzi, malita atatu kapena anayi, muwabwezere. Musafupikitse nthawi iyi poganiza kuti moto wamphamvu wapsetsa msanga. Ku Ulongwe, kumene kuli pamtunda wopitirira mamita 1,200, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100, ndipo moto ukule bwanji sangatenthe kuposa pamenepo. Mgaiwa wokhakhala umafuna nthawi yake. Njira yokhayo yodulira mphindi pano ili kuchigayo: pemphani sefa yosalala, ufa ukhale wofewa.

Pofika 7:30 mwamaliza kuphika, ndipo apa ndi pamene tsiku limapindulika kapena kutayika. Chimera chachikulu sichithiridwa m'phala lotentha. Chimagwira bwino ntchito yosandutsa ufa kukhala shuga pa madigiri 60 mpaka 65, ndipo mukachithira pa 75 kapena 80 mwachipha, mowa udzatuluka wopanda mphamvu, wolemera ngati phala. Mukachedwanso mpaka phala litazizira, shuga amatuluka pang'onopang'ono, mowa n'kusasa usanapse. Pa mafuwa mayi amangophula moto, mphepo n'kuthandiza. M'mbaula iyi mphika wakutidwa mbali zonse, pansi pali njerwa zotentha, ndipo phala likhoza kukhala maola atatu kapena anayi lisanatsike kufika pa 65. Kuutulutsa mphika si nkhani yamasewera: ndi wolemera, wamira m'dzenje, zogwirira zake zikutentha. Sitilangiza kuunyamula uli wodzaza, ngakhale anthu awiri.

Mankhwala ake ndi malita 20 ozizira aja. N'chifukwa chake taphika phala ndi malita 30 okha. Thirani madzi ozizirawo choyamba m'mbiya yaikulu kapena mumgolo wapulasitiki wosungira zakudya, kenako tungani phala ndi chikho chachikulu kapena kandowa kachitsulo muzithira pamwamba pake mukutakasa. Malita 30 a madigiri 95 akakumana ndi malita 20 a madigiri 20 amakhala pa madigiri 65. Ndi masamu chabe, ndipo zimatenga mphindi 10 m'malo mwa maola. Thirani makilogalamu 2.2 a chimera otsala aja, kutentha kumatsika kufika cha m'ma 60, vindikirani, kulungani ndi masaka, musiye maola awiri. Mudzadziwa kuti zatheka phala likapepuka n'kutsekemera ngati thobwa labwino. Kachipangizo koyezera kutentha ka kukhitchini, kofika madigiri 100, kamachotsa kuyerekeza konse, ndipo kwa munthu amene amafulula mowa wogulitsa tikuona kuti n'kofunika kuposa chumuni. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi ogona panja ku Tsangano kapena ku Domwe amazizira kwambiri, mwina mpaka madigiri 10, choncho yambani ndi malita 17, muyeze, muwonjezere ngati pakufunika.

Taonani kuti pofika 8 koloko mphika uli wopanda kanthu ndipo mbaula ikadali yotentha. Ofuna malita 100, a mowa wa dima kapena wa pa chiliza, atereke ulendo wachiwiri nthawi yomweyo pamene woyamba ukutsekemera. Madzi amawira msanga kuposa poyamba chifukwa njerwa zatentha kale. Chofunika n'kukonzeratu chosasitsa ndi madzi ozizira owirikiza kawiri dzulo lake. Motere mphika wa malita 60 umatulutsa mowa wochuluka ngati wa theka la mgolo pa mafuwa, ndi nkhuni zochepa. Tsukani mphika pakati pa maulendo awiriwo, mupale nkhoko yonse, chifukwa kankhoko kotsalira ndi kamene kamayambitsa kupserera.

Za kukuntha, ambiri anazolowera kukuntha mowa utawira kale. Kukuntha ukadali wofunda, maola awiri aja atangotha, n'kofulumira chifukwa umakhala wopepuka ndipo umadutsa msanga. Kukoma kumasiyanako pang'ono, mowa umakhala wosalala, ndipo amene makasitomala awo amakonda wamasese ambiri akhoza kusunga kachitidwe kawo. Chimene simungachidumphe n'kuuziziritsa kufika pansi pa madigiri 30 musanathire mowa wowira wa kale, malita awiri kapena atatu, kapena musanauike m'mbiya yakale imene ili ndi yisiti yake m'zipupa. Yisiti imafooka pamwamba pa madigiri 35 ndipo imafa kutentha kukakwera kwambiri. Gawani m'mabeseni otambalala, kuya kwake kusapitirire chikhatho, muike pamthunzi podutsa mphepo, muphimbe ndi nsalu yoyera. Pofika masana zonse zili m'mbiya.

Kuchokera apo mbaula ilibenso mawu. Kuwira kwa mowa kumatenga masiku awiri kapena atatu kuno ku mapiri, kupitirirapo m'nyengo yozizira, pamene ku Moatize ndi mumzinda wa Tete mu Okutobala umathamanga n'kusasa msanga ngati suli pozizira. Vindikirani mosatseka kwambiri kuti mpweya uzituluka. Aliyense wokuuzani kuti mbaula iyi imafupikitsa masiku a mowa akukunamizani. Imafupikitsa tsiku limodzi, lophikalo.

Pali nkhani ina imene anthu a chigawo chino sitingaidumphe. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira ndipo oposa 200 anadwala atamwa phombe pamaliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma kafukufuku anapeza kuti munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanapezeka mu ufa wa chimanga umene anafululira mowawo. Tikuikumbutsa pano chifukwa poizoni ameneyu safa ndi moto. Mbaula yowiritsa mwamphamvu isakupatseni mtima woti ufa umene unanyowa, unachita nkhungu kapena ukununkha chinyontho udzayera mumphika. Ufa wotere ndi wotaya, ndipo chimera chimene chachita nkhungu pomera n'chimodzimodzi. Kufulumira kwabwino ndi kogayitsa ufa watsopano dzulo lake, kuchokera ku chimanga chouma ndi chopetedwa.

Pa chifukwa chonga chomwecho, samalani ziwiya. Mgolo wa kunja kwa mbaula sukhudza mowa, ndiye ukhoza kukhala wa mafuta, bola muuwotche kaye panja utoto wonse upse musanaphikepo. Koma mowa usalowe mumgolo kapena m'chigubu chimene munali mankhwala a fodya, a mbatata kapena a m'munda alionse, olo chitsukidwe kangati. Usagonenso mumphika wa aluminiyamu kapena m'ndowa ya malata onyezimira aja, chifukwa kuwawasa kumadya chitsulocho, mphika umachita timabowo ndipo mowa umamveka chitsulo mkamwa.

Zimene zimawonongeka pa mbaulayi n'zodziwika, ndipo zambiri mukhoza kuziona musanalipire. Chipinda cha moto chikapangidwa ndi lata lopyapyala la mgolo womwewo chimabooka pakangopita miyezi, phulusa n'kumagwera m'moto. Umirirani kuti chikhale cha njerwa, kapena cha chitsulo chosachepera mamilimita 3, ndipo chikhale choti n'kuchotsa n'kuikamo china. Yezani mpata wozungulira mphika ndi chala chanu chaching'ono mbali zonse. Ukakula kufika masentimita atatu, moto umangodutsa osakhudza mphika ndipo mwagula mafuwa odula. Ukachepa kuposa sentimita, utsi umabwerera kukhomo. Pakati pa mutu wa mpita ndi pansi pa mphika pakhale masentimita 5 kapena 6. Mkombero wa mphika ukhale pa mgolo mothina, utsi usamatulukire pamene mwaima mukuvundula. Chumuni chikhale cha masentimita 12 kapena kuposa m'mimba, chotalika kupitirira mutu wa munthu, ndipo muzichigogoda mwaye ugwe mukaphika kanayi kapena kasanu. Musalipire yonse musanaiyese ndi madzi pamaso pa mmisiriyo. Ngati malita 50 sanawire pa ola limodzi ndi nkhuni zouma, pali cholakwika pa mipata.

Msinkhu wake ndi dandaulo lina loona. Pakamwa pa mphika pamafika masentimita 90 kapena kuposa, ndipo kuvundula phala kwa ola ndi theka mikono ili m'mwamba kumapweteka mapewa. Konzani poimapo pa njerwa, pokwera masentimita 20, mbali yosiyana ndi khomo la moto, kuti chitenje chisayandikire nkhuni. Ena amapempha mmisiri kuti aike mpopi pansi pa mphika. Musavomere. Phala limautseka tsiku loyamba, ndipo powotcherera pamakhala podontha ndi posungira zotsalira zimene zimasasitsa mowa wotsatira. Mbaulayi iime pansi pa chisakasa chopanda zipupa, osati m'nyumba yotseka, ndipo mvula isalowe m'phulusa lija, chifukwa likanyowa limaleka kusunga kutentha n'kuyamba kudya mgolo ndi dzimbiri kuchokera mkati.

Mtengo umadalira kwambiri mphika, umene nthawi zambiri ndi umene umadya mametikali ochuluka kuposa mgolo ndi ntchito ya mmisiri. Gulani mphika wabwino choyamba, mbaula imangidwe pa iwo, chifukwa mphika wina wosiyana ndi masentimita awiri okha sudzakwanamo bwino. Kwa mayi amene amafulula sabata iliyonse ndipo nkhuni amagula, tikuti ipangitseni, pamodzi ndi choyezera kutentha ndi mabeseni atatu otambalala. Kwa banja limene limafulula kawiri kapena katatu pachaka, pa ukwati kapena pokolola, ndalamazo sizibwerera msanga. Iwo atenge njira ya madzi ozizira ndi ya chimera chosungunulira phala, zimene zimagwira ntchito chimodzimodzi pa mafuwa, kenako azungulize mphika wawo ndi lata lakale lotchinga mphepo, losiya kampata kakang'ono.